Bolodi la Achimwene Linali Lobiriwira

Achimwene anga sanabadwe ndi matako okhalira. Mawu amenewa si anga, ndi a amayi amene anawabereka. Ali mwana ankadya ataimirira, ntchito ya kusukulu ankalemba bondo limodzi lili pampando, phazi lina lili pansi ngati pali wina amene awaitane posachedwa. Amayi ankangokhalira kukuwa kuti, "Khala pansi! Khala pansi iwe!" mpaka ana a nyumba zoyandikana anayesa kuti limenelo ndiye dzina lawo. Linakanirira. Lero ndi bambo wa ana awiri, imvi zayamba kusuzumira m'mbali mwa makutumu, koma ngakhale kuntchito kwawo amawatchula kuti a Khalapansi.

Vuto lawo silinali kuyendayenda kokha ayi. Chinthu chimene achita kamodzi sankachikhulupirira. Akakhoma chitseko ankafika pamsewu n'kubwerera kukagwedeza loko. Akazimitsa ayironi ankaikhudza ndi chala chamalovu, n'kuzula pulagi, n'kudzabwereranso kudzaona ngati pulagiyo yazukadi. Ine ndine wosiyana nawo kutalitali. Ndine telala, ndili ndi kashopu kanga, ndipo nsalu ndimadula kamodzi. Pakhomo pa munthu ndimagogoda kamodzi, akapanda kuyankha ndiye kuti sakundifuna, ndimabwerera. Amayi amati mimba imodzi inatulutsa wokayika zonse ndi wosapempha kawiri, ndipo onse awiri ndi otopetsa.

Mulungu sasowa pomuika munthu. Achimwene anapeza ntchito yogwirizana ndi matenda awo. Kampani imene amagwirako imapanga masamba a pa intaneti, aja timalembetserapo zinthu pa foni, ndipo iwo gawo lawo ndi kuyesa. Anzawo akapanga tsamba, iwo amalitsegula n'kuyamba kulivuta: kudina apa, kulemba dzina lolakwika apo, kubwerera m'mbuyo mwadala, kuti aone pamene lithyokere anthu asanayambe kuligwiritsa ntchito. Zaka zambiri ankachita zimenezi ndi chala chawo. Ine ndinkaseka kuti dziko lapita patali, munthu akulandira malipiro chifukwa chogwedeza loko.

Masamba atachuluka, chala chimodzi chinachepa. Anaphunzira kulemba timapulogalamu togwira ntchitoyo m'malo mwawo, ndipo iwo amatitcha timaroboti, ngakhale tilibe manja kapena mutu. Tsiku lina anabwera ndi laputopu kushopu kwanga, anakankhira pambali nsalu ya mwini wake, n'kunena kuti ndione. Bulawuza, chija timatsegulira masamba, inadzitsegula yokha popanda woigwira. Mabokosi anayamba kudzaza mayina okha, mabatani kudinika okha, liwiro lake loti diso silingatsatire. Amayi anali pampando wawo pakona akupinda siketi. Anasuzumira kamodzi n'kunena kuti, "Chotsani zimenezo, muno timapemphera."

"Ndiye kakamaliza kamauza ndani?" ndinafunsa.

"Apo ndiye pagona nkhani," anatero achimwene, akuzungulira tebulo langa lodulira. "Kamatumiza zotsatira ku kilaudi."

"Kumeneko ndi kuti?"

"Ndi makompyuta a eni ake, ali kutali, ife timangobwerekako malo. Kumeneko kuli bolodi. Chilichonse chimene timayesa chili ndi kabokosi kake. Chikayenda bwino, kabokosi kabiriwira. Chikalephera, kafiira. Ine ndimaliona, abwana amaliona, ngakhale eni tsamba amene anatipatsa ntchito akafuna amalitsegula pa mafoni awo."

"Ndiye kuti tsopano muzipuma."

Amayi ndi amene anayamba kuseka.

Sanapume. Kale ntchito inkatsala ku ofesi akaweruka, koma tsopano inalowa m'thumba la thalauza. Timaroboti sitidziwa Lamlungu, timathamanga nthawi iliyonse wina akasintha kanthu. Kabokosi kakafiira, foni inkanjenjemera, ndipo asanamalize kuwerenga abwana anali ataimba kale. Pa ukwati wa msuweni wathu anatuluka n'kulowa, kutuluka n'kulowa, mpaka wolandira alendo pakhomo anawanong'oneza mwaulemu kuti chimbudzi chapafupi chili kuseri. Alamu anga, akazi awo, ankabwera kushopu kudzadandaula. "Alamu, ine ndili pamitala," ankatero. "Ndipo mkazi wamkulu ndi foni, ine ndine wamng'ono."

Chowawa n'chakuti zofiira zambiri zinali zopanda pake. Intaneti ikangodukiza pang'ono, roboti inkaphonya, kabokosi n'kufiira. Achimwene ankasiya chakudya, kuthamangira laputopu, kuyesanso, n'kupeza zonse zili bwinobwino. Anawonda mpaka ndinawabwezera mathalauza onse m'chiuno. Magazi anayamba kuthamanga, ndipo anayamba kuyenda ndi mapiritsi m'chikwama.

Kenaka foni ija inangoti zii. Mwezi unatha, wina unatha, bolodi lili biriwiri. Alamu anathokoza Mulungu mokweza. Achimwene anayamba kumaliza tiyi asanazizire, ndipo mathalauza aja anabweranso kuti ndiwamasule. Nditawafunsa chimene chinachitika anangoti, "Tinakonza," maso ali kumbali. Koma bondo lawo silinasiye kugwedera pansi pa tebulo, ndipo foni ankaitulutsabe n'kumayang'anitsitsa zobiriwirazo, ngati mayi amene mwana wake wagona nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Nthawi imeneyo ndi imene maso a amayi anafika povuta. Amayi amakhala ndi ine, ndipo chitsegulire shopu ndi iwo amene ankapinda m'mphepete mwa zovala ndi manja, chifukwa msoko wawo makina saufika. Diso lamanzere linadwala kalekale, tinazengereza nalo, ndipo linatsekeka. Tsopano lamanja nalo linayamba ng'ala. Poyamba ankandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, n'kumanamizira mdima wa m'shopu. Kenaka msoko unayamba kukhota. Ndinkadikira atuluke, n'kumasula mwakachetechete, n'kusokanso. Tsiku lina anayendetsa chala pa diresi limene anapinda dzulo lake, anaima, n'kufunsa kuti, "Ukumasula zanga eti?" Kuyambira tsiku limenelo sanagwirenso singano. Ankangokhala pampando wawo manja ali pamiyendo, ndipo ine ndikawayang'ana mtima unkandiwawa mpaka ndinkapondetsa makina kuti phokoso lindithandize.

Ku chipatala, ku gawo la maso, anatiuza kuti ng'alayo ikhoza kuchotsedwa. Koma dokotala wake amabwera mwa apo ndi apo, amakhala tsiku limodzi, ndipo akapita amatha miyezi. Nesi anandikokera pambali n'kunena kuti, "Musachedwe nalo diso ili, ndi lokhalo." Malo anali ochepa, ndipo kulembetsa kwake kunali kwa pa foni basi, pa tsamba la chipatalacho. Titauza achimwene anadzigunda pachifuwa. Tsamba limenelo linapangidwa ku kampani kwawo, ndipo woliyesa anali iwo.

Malo atatsegulidwa ndinagula bandulo ya intaneti, ndinalemba dzina la amayi ndi nambala ya khadi lawo lakuchipatala, ndinadina batani lotsimikizira. Kanthu kanazungulirazungulira, kenaka panabwera mawu akuti: Pepani, china chake chalakwika. Kasitomala anali ataima patsogolo panga ndi diresi lofuna kuyeza, ndiye ndinatseka n'kuika foni m'thumba. Mawa lake ndinayesa, chimodzimodzi. Mkuja wake, chimodzimodzi. Achimwene sakanalembetsa okha kwawoko, chifukwa tsambalo limafuna foni imene chipatala chimaidziwa, ndipo imeneyo ndi yanga. Ndinawaimbira.

"Achimwene, chinthu chanu chija chikukana."

"Chikukana bwanji? Tadikira." Ndinkamva nsapato zawo zikupita uku ndi uku. "Kuno zonse zabiriwira. Roboti yalembetsa m'mawa womwe uno, yadutsa bwinobwino. Ndi netiweki yako imeneyo. Tuluka panja."

"Ndayesa panja."

"Ndiye walakwitsa nambala. Iwe umachita zinthu mothamanga."

Tangoganizani, mawu amenewo kuchokera pakamwa pa a Khalapansi.

"Ndiye wabodza ndine, wonena zoona ndi roboti?"

"Sindinatero, chemwali. Ndikulowa mumsonkhano. Ndibwera Loweruka, tidzalembetsa limodzi."

Ndinadula foni osatsanzika. Masiku otsalawo ndinkayesabe m'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu, ndipo m'mawa uliwonse chinkandipepesa.

Loweruka anafika ndi buledi m'manja, akuimba mluzu. Anapereka moni kwa amayi, anakana mpando monga mwa masiku onse, n'kunditambasulira dzanja kuti ndiwapatse foni. Analemba zonse ataimirira pakati pa shopu, anawerenga nambala ya khadi mokweza kuti ndimve kuti iwo salakwitsa, n'kudina. Kanthu kaja kanazungulira. Pepani, china chake chalakwika.

Chala chawo sichinadikire kuti mutu uganize. Chala chomwe chija chogwedeza loko chinadinanso pomwepo. Ulendo uno tsamba linatseguka bwinobwino, n'kulemba kuti malo onse a dokotala wa ng'ala atha.

Mluzu uja unathera m'kamwa. Anayang'ana foni yanga, anatulutsa yawo, anayang'ana bolodi lawo lobiriwira, anayang'ananso yanga. Nkhope inachita phulusa.

"Roboti imagogoda katatu," anatero, mawu ali pansi.

"Mukuti chiyani?"

"Paja zofiira zinkandisowetsa mtendere zija. Tinagwirizana ku ofesi kuti chinthu chikalephera, roboti iziyesanso pompo, mpaka katatu. Ndipo ku kilaudi izitumiza za ulendo womaliza wokha. Ndinalemba ndine, ndi manja angawa."

"Ndiye?"

"Tsamba ili likumukana munthu ulendo woyamba, chifukwa silinamudziwe. Ukadinanso usanatseke, lakudziwa, likulandira. Ukatseka n'kubwera mawa, wasandukanso mlendo. Roboti yakhala ikukanidwa tsiku lililonse ngati iwe. Kungoti iyo imadinanso, n'kukanena kubolodi kuti zayenda." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, bwanji sunadinenso?"

"Chinalemba kuti chalakwika. Sichinalembe kuti kakamira."

Ndinali ndi mawu ambiri pakamwa, a chikomekome cha mkuyu ndi ena oposa pamenepo, koma amayi analankhula kuchokera pakona paja.

"Ndiye malo atha?"

"Atha, amayi."

"Chabwino. Wina aike madzi a tiyi, buledi wabwerayu asaume."

Achimwene anaika madziwo, anatuluka kukaima pamsewu, analowa, anasuzumira ketulo, anatulukanso. Tiyi sanamwe.

Lolemba ndinatseka shopu n'kupita ku ofesi kwawo ndi khadi la amayi m'chikwama. Maganizo anga anali amodzi: anthu amene anamanga nyumba sangasowe khomo lakuseri. Ofesiyo ili pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo pokwera masitepe fungo la mphira limakuperekeza mpaka pakhomo. M'kati muli chipinda chimodzi chachitali, matebulo ogundana, mawaya pansi ngati ulusi wosokonekera, ndi achinyamata ovala mahedifoni amene samva moni. Pakhoma lakumapeto pali TV yaikulu, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalionera bolodi lija ndi maso anga.

Silinali lobiriwira. Achimwene anali atalawirira m'mawa n'kusintha katumizidwe ka zotsatira. Tsopano roboti inkanena ulendo uliwonse umene yagogoda. Chodutsa ulendo woyamba chinkabiriwira, chodutsa mochita kubwereza chinkaoneka chachikasu, cholephereratu chinkafiira. Mzere wa chipatala unali chikasu chokhachokha kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Anthu anali atavula mahedifoni n'kumayang'ana khomalo kukamwa kuli yasa.

Abwana awo ndi mayi wamfupi, wofatsa, wa maso otopa. Sanakalipe. Atamva kuti ndine mlongo wawo anatilowetsa tonse m'kachipinda kawo kagalasi, anandipatsa mpando, ndipo achimwene sanawavutitse n'kuwapatsa.

"A Khalapansi, simunalakwe," anatero. "Koma mawa akuluakulu a chipatala akubwera kudzakambirana zoti tipitirize nawo ntchito, ndipo bolodi amalitsegula akamabwera. Bwezeretsani mmene zinalili, masiku ochepa okha, anyamatawa akonze tsambalo. Za amayi musade nkhawa. Ndili ndi munthu kumeneko, ndimuimbira lero, malo amodzi sangasowe."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kale kutsegula chikwama kuti nditulutse khadi.

Achimwene anayenda kufika pazenera, anabwerera kufika pachitseko, anagwira chogwirira, anachisiya.

"Imbani foniyo, bwana, chonde. Koma bolodi lisiyeni momwemo."

"Ndiimba bwanji? Akaona zachikasuzi ine pakamwa panga patsekeka. Sindingapemphe malo a mayi a wantchito wanga tsiku lomwe adziwe kuti takhala tikubweza odwala awo. Aziti tinatsekera anthu n'kulowetsa abale athu."

"Achimwene, vomerani," ndinatero. "Uwu ndi utoto chabe. Amayi ali ndi diso limodzi."

"Ndikudziwa, chemwali."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Iwe unadina kamodzi. Ukuganiza kuti unali wekha? Tsamba limeneli likubwezabe anthu lero lomwe lino, a mano, a mtima, amayi oyembekezera. Likabiriwira, a chipatala aziti amene sanalembetse sanafune. Ndinalinamiza kamodzi bolodi limeneli kuti ine ndipume. Sindingalinamizenso."

Ndinaimirira, ndipo mpando unagwa kumbuyo kwanga. Ndinawauza kuti poyamba anakhulupirira roboti kusiya mlongo wawo, ndipo tsopano akusamba m'manja ndi diso la amayi. Ndinawauza kuti kubadwa koyamba si nzeru. Ndinanena zinanso zimene sindingazibwereze, pamaso pa abwana awo, chitseko chagalasi chili chotsegula. Iwo anangoima, manja ali m'matumba. Ndinatsika masitepe a matayala aja ndikulira ndi ukali, ndipo ndikunena pano, mpaka lero sindinganene kuti nkhani imeneyi ndinawakhululukira yonse.

Msonkhano wawo unachitika, ndipo ndinamva kwa alamu kuti kunali kotentha. A chipatala atadziwa zimene zinkachitika analengeza kuti onse amene tsamba linawakana abwere tsiku la dokotala adzadikire pabenchi, ndipo wolembetsa akapanda kufika, wa pabenchi azilowa m'malo mwake. Kunena zoona kwa achimwene kunatipatsa benchi. Kunatalikitsanso mzere, chifukwa anthu amene anadina kamodzi anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

Tsikulo tinafika m'mawa, ndipo tinawapeza achimwene atafika kale, koma ngakhale iwo anapeza anthu. Sitinapatsane moni, ine ndi iwo. Benchi linali lalitali, la matabwa, lotsamira khoma la khonde, moyang'anana ndi chitseko choyera. Nesi anatuluka n'kulengeza lamulo lake: "Benchi ili ndiye mzere. Wina akalowa, nonse muzisendera. Amene waimirira n'kuchoka, malo ake apita, sindidzaweruza milandu." Amayi msana wawo sulola kukhala pathabwa nthawi yaitali, amafunika kuyendako ndi kutsamira penapake pofewa, ndipo wowagwira dzanja ndi kuwaperekeza kuchimbudzi ndine. Panafunika munthu wosunga malo. Tonse awiri tinatembenukira kwa achimwene.

"Khala pansi," anatero amayi.

Anakhala.

Poyamba zinali zomvetsa chisoni kuonerera. Bondo linkagwedeza benchi lonse, mpaka bambo wina wachikulire wa chipewa, amene anali patsogolo pawo pamzere, anatembenuka n'kunena kuti, "Achimwene, benchi ili si basi, silipita kulikonse." Ankapinda mwendo, kuutambasula, kukanda khosi, kumasula wotchi n'kuimanganso. Foni inkanjenjemera m'thumba, dzanja linkapita lokha, n'kuima panjira, n'kubwerera pabondo. Ine ndinkawaonera chapatali, ndili ndi amayi pamthunzi, ndipo mkwiyo wanga unkavutika kuti ukhale wathunthu.

Anthu odikira sasowa nkhani, ndipo nkhani ya pabenchipo inali imodzi. Uyu akuti chinamukana sabata yathunthu. Uyo akuti anakwera basi kupita kwa mphwake wodziwa mafoni, nayenso chinamukana. Bambo wa chipewa uja anati iye anaganiza kuti mwina dzina lake linafufutidwa kuchipatala chifukwa cha ukalamba. Nthawi imeneyo ndinali nditabweretsa amayi kuti akhaleko pang'ono pambali pa achimwene, ndipo ndinamva mayi wina wa kumbuyo akunena kuti, "Koma amene anapanga chinthu chimenechi, kaya ali ndi mayi ake kaya."

"Ali nawo," anatero achimwene, maso ali pansi.

Mayi uja sanamvetse, anapitiriza nkhani yake. Amayi athu anamva.

Dzuwa linakwera, linafika pakati, linayamba kupendeka. Chitseko choyera chinkatseguka mwa kanthawi, nesi n'kuitana dzina, ndipo dzinalo likapanda mwini ankakodola wa pabenchi. Tonse tinkasendera. Thabwa linatentha, anthu ena anatopa n'kupita, ena anagona tulo chokhala. Ndinagula madzi n'kuwapatsa achimwene osalankhula, iwo anamwa pang'ono chabe, poopa kuti angafune kudzuka. Sindikudziwa nthawi imene bondo lija linasiya. Ndinangozindikira kuti benchi latenga nthawi lisanagwedere, ndipo nditawayang'ana anali atakhala phee, manja ali pamiyendo, mmene amayi amakhalira kushopu.

Chakumadzulo patsogolo pathu panatsala bambo wa chipewa yekha. Amayi anali atakhala, ndawakonza mpango, khadi lili m'manja mwanga lanyowa ndi thukuta. Chitseko chinatseguka. Nesi anaitana dzina, panalibe woyankha, ndipo anakodola bambo uja. Anadzuka, anavula chipewa, analowa. Tinasendera mpaka kumapeto kwenikweni kwa benchi, pamene thabwa lake lasalala chifukwa cha anthu osendera.

Chitseko chitatsegukanso, nesi anatuluka atavula kale magolovesi.

"Adokotala amaliza. Pepani nonse. Otsala mulembetse za ulendo wotsatira, malo atsegulidwa masana ano. Tsamba lija akuti alikonza."

Anthu anadzuka mwakachetechete, akudzikuntha fumbi. Ine ndinafuna kukuwa, koma panalibe womukuwira amene ndinali ndisanamukuwire kale.

"Tulutsa foni," anatero achimwene. Anali mawu awo oyamba kwa ine chichokere ku ofesi kuja. Ndinalemba dzina la amayi, ndinalemba nambala ya khadi, ndipo chala changa chitafika pabatani chinaima.

"Dina," anatero. "Kamodzi."

Ndinadina kamodzi. Kanthu kaja kanazungulira, ndipo tsamba linatilandira. Ndinawerengera amayi tsiku limene latipatsa. Linali kutali, kuseri kwa miyezi ingapo.

"Kodi pofika nthawi imeneyo ndidzakhala ndikuonabe pamene pali chitseko?" anafunsa amayi. Sankadandaula, ankangofunsa, ngati mmene amafunsira ngati kunja kukubwera mvula.

Ndinawagwira mkono, anadzuka pang'onopang'ono, msana ukulira. Wosesa anali atayamba kale kumapeto kwa khonde. Tinayenda pang'ono, kenaka amayi anaima n'kutchera khutu, chifukwa kumbuyo kwathu sikunkamveka nsapato zimene akhala akuzimva moyo wawo wonse. Achimwene anali akadali pabenchi paja, okhaokha, akuyang'ana chitseko choyera.

Amayi anandisiya mkono, anabwerera akupapasa khoma, mpaka dzanja lawo linapeza phewa la mwana wawo, n'kutsikira pabondo. Analigwira kanthawi. Silinkagwedera.

"Dzuka, mwana wanga," anatero. "Dzuka tizipita."

Chibadwire changa ndinali ndisanamvepo amayi akuwauza achimwene mawu amenewo.